ZA NYIMBO NDI ZOSANGALATSA: Nyimbo za m'Mafilimu Zoyenera Malo m'Nyumba

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, ndalama za cimanga, nshawa, thonje ndi soya zitalowa m'thumba, mabanja ambiri a m'midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa amagulako kawailesi kodya mphamvu ya dzuwa, kamene kali ndi poloweka kakhadi ka nyimbo. Kugula wailesiyo sikuvuta. Mkangano umayamba posankha zimene ziikidwe pa kakhadiko. Bambo afuna kalindula, mai afuna makwaya a ku chalichi, pamene ana, amene masiku ano amaonera zithunzi pa lamya ya m'manja, ali kupempha nyimbo za maina acilendo zocokera m'mafilimu, m'masewera a pa kompyuta ndi m'makatuni a ku Japan ochedwa anime. Makolo ambiri amakana asanamve n'komwe, poganiza kuti zonsezo ndi phokoso lacibwana.

Nthawi zambiri makolowo salakwa. Nyimbo ya m'filimu imapekedwa kuti itumikire cithunzi: iopseze pamene cigawenga cabisala kuseri kwa citseko, ifulumize mtima pamene magalimoto ali kuthamangitsana, ndiponso ilize anthu pamene wina wamwalira. Cithunzi cikazima, nyimbo zotere zambiri zimatsala ngati goli lopanda ng'ombe. Komabe zilipo zina zowerengeka zimene zimaima pa zokha, ndipo izi ndizo ziyenera ndalama ya mlimi. Kuziyesa n'kosavuta. Munthu avundikire lamya kuti asaone cithunzi, ndipo azimvetsera nyimboyo ali kutong'ola cimanga kapena kusenda nshawa. Ngati pa tsiku lacitatu wina m'banjamo wayamba kuing'ung'udza osadziwa, nyimboyo yapambana mayeso.

Wogula adziwenso kuti filimu imodzi imatha kukhala ndi zimbale ziwiri zosiyana. Cina cimakhala ca nyimbo za zoimbira zokha, zopekedwa ndi munthu mmodzi kuti ziyende ndi nkhani kuyambira paciyambi kufikira kumapeto, ndipo pa cikuto cace pamalembedwa mau a Cingerezi akuti Original Score. Cina cimakhala ca nyimbo za oimba osiyana-siyana zosonkhanitsidwa pamodzi m'dzina la filimuyo. Wosadziwa zimenezi amabwera kunyumba ndi cimene sanafune.

Acikulire amene anagwirapo nchito ku migodi akumbukira bwino bayisikopo ya m'komboni, kumene mafilimu a makauboyi anali kukondedwa koposa ena onse. Mafilimu oyamba aja anali a ku America. Koma nyimbo imene anthu ambiri amaiimba ndi mluzu akaganiza za kauboyi wokwera pa kavalo inadza pambuyo pace, ndipo inapekedwa ku Rome, m'dziko la Italy, ndi Bambo Ennio Morricone. Mu 1964 mnzao wa ku sukulu ya pulaimale, Bambo Sergio Leone, anali kupanga filimu ya A Fistful of Dollars ndi ndalama zocepa, zosakwanira kulemba gulu lalikulu la oimba. Kaamba ka ici Bambo Morricone anatenga zimene zinali pafupi: mluzu wa munthu, kulira kwa cikwapu, belu, gitala ya magetsi ndi mau a amuna ofuula. Anthu anali asanamvepo zotere m'nyumba ya kanema.

Cimbale coyenera kuyambira ndi ca The Good, the Bad and the Ugly, filimu ya mu 1966. Kanyimbo kace kodziwika kamatsanzira kulira kwa nkhandwe ya m'cipululu ca ku America. M'nkhaniyo muli amuna atatu ofunafuna golide wokwiriridwa m'manda, ndipo onse atatu ali ndi kanyimbo komweko, koma aliyense ndi liu lace: wina citoliro, wina kacitoliro koumba ndi dothi, ndipo wacitatu mau a anthu. Motero womvetsera, ngakhale atatsinzina, amadziwa amene walowa, monga momwe mwana womvera nthano pamoto amadziwira kuti tsopano alankhula ndi Kalulu kapena Fisi mwa kumva kasinthidwe ka liu la agogo. Pa filimu ya mu 1968 ya Once Upon a Time in the West, nyimbo zinapekedwa filimu isanajambulidwe, ndipo zinali kulizidwa pamalo ojambulira kuti ocita sewero aziyenda motsatira kugunda kwace. Apa cithunzi ndico cinatumikira nyimbo, n'cifukwa cace nyimbozo sizisowa cithunzi. Kwa okonda zofatsa pali The Mission ya mu 1986, nkhani ya ansembe a ciJesuit pakati pa anthu a mtundu wa Guaraní ku South America, m'mene citoliro cochedwa oboe cimakumana ndi kwaya ndi ng'oma. Bambo Morricone anamwalira mu July 2020 ali ndi zaka 91, atapeka nyimbo za mafilimu ndi masewero a pa wailesi ya kanema oposa 400. Banja la kumudzi silifunika zonsezo ai. Cimbale cimodzi cosonkhanitsa nyimbo zao zochuka n'cokwanira.

Kucoka ku Italy, nkhani ibwere kufupi, ku South Africa. Sarafina! inayamba monga sewero la pa bwalo mu 1987 ku Johannesburg, ndipo inasanduka filimu mu 1992. Imasimba za ana a sukulu a ku Soweto amene pa 16 June 1976 anakana kuphunzitsidwa m'cilankhulo ca Afrikaans, apolisi a boma la tsankho nawaombera ndi mfuti. Nyimbo zace zinapekedwa ndi Bambo Mbongeni Ngema pamodzi ndi katswiri wa lipenga Bambo Hugh Masekela, ndipo Mai Miriam Makeba anasewera monga amai ace a mtsikana Sarafina, ogwira nchito ya m'nyumba kwa azungu. Onse atatuwa tsopano anatsikira kuli cete. Kwa anthu a m'Zambia nkhani imeneyi si yacilendo, pakuti likulu la cipani ca ANC linali mu Lusaka pa zaka zimene cinali coletsedwa kwao, ndipo Bambo Nelson Mandela atatuluka m'ndende mu February 1990 anafika mu Lusaka mwezi womwewo usanathe. Nyimbo za Sarafina! zimaimbidwa ndi acinyamata ambiri pamodzi, wina kutsogolera ena kuvomera, monga momwe zikhalira pa cintali kapena pa maliro. Mwana wobadwa zaka za posacedwa, amene adziwa za tsankho lija m'buku la sukulu cabe, angamve kulemera kwace m'nyimbozi koposa m'mene angamvere pa bolodi.

Ana ambiri amadziwa The Lion King, katuni ya kampani ya Disney ya mu 1994. Nyimbo zace za zoimbira zinapekedwa ndi Bambo Hans Zimmer a ku Germany, amene analandira nazo mphoto ya Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America, ndipo zina zinalembedwa ndi Elton John ndi Tim Rice. Koma liu la Cizulu limene limang'amba thambo pamene dzuwa lituluka paciyambi pa filimuyo ndi la Lebohang Morake wa ku Soweto, wodziwika ndi dzina lakuti Lebo M, amenenso anakonza makwaya a mu Afirika omveka m'menemo. Kunena zoona, mbali ya makwayayo ndiyo mtima wa cimbaleco, ndipo nyimbo zina za Cingerezi n'zotsekemera mopitiriza ngati tiyi woculuka shuga. Amene afuna makwaya koposa afunefune cimbale ca mu 1995 ca Rhythm of the Pride Lands, m'mene Lebo M anapatsidwa malo okulirapo.

M'filimu yomweyi mumamveka kanyimbo kena ka mkango wogona, ndipo mbiri yace iyenera kudziwika kwa aliyense wogula nyimbo. Gwero lace ndi Mbube, nyimbo imene Bambo Solomon Linda ndi gulu lao la Evening Birds anajambula ku kampani ya Gallo mu Johannesburg mu 1939. Bambo Linda anali wanchito wamba pa kampaniyo, wolongedza mbale za galamafoni, ndipo anagulitsa umwini wa nyimboyo pa ndalama zocepa kwambiri. Nyimboyo inaoloka nyanja, oimba a ku America anaisintha dzina ndi mau, ndipo pofika 1961 inali kumveka pa dziko lonse lapansi. Eni makampani analemera nayo. Bambo Linda anamwalira mu 1962 ali osauka, kotero kuti banja lao linatha zaka zambiri lisanakwanitse kuika mwala pa manda ao. Ana ao analandira malipiro pambuyo pa mlandu umene unathetsedwa ndi pangano mu 2006, patapita zaka 44 atate ao ali m'manda.

Filimu ya Black Panther ya mu 2018 ndiyo imene isonyeza bwino msampha wa zimbale ziwiri uja. Cimbale cotsogoleredwa ndi Kendrick Lamar n'ca acinyamata a m'tauni, ndipo muli mau ena otukwana amene sayenera kumveka pa khonde pamene apongozi akhala. Cimene ciyenera nyumba ya kumudzi ndi ca zoimbira, copekedwa ndi Bambo Ludwig Göransson a ku Sweden, amene analandira naco Oscar mu 2019. Iwo sanakhale m'ofesi ndi kungoyerekeza m'mene nyimbo za mu Afirika zimvekera. Anapita ku Senegal, nayenda ndi woimba wochuka wa kumeneko Bambo Baaba Maal, amene liu lao limamveka pamene dziko lopeka la Wakanda lionekera koyamba. Kumeneko anapezanso tama, kang'oma kopanira m'khwapa, kamene woomba amakafinya ndi mkono kuti liu likwere kapena litsike ngati munthu wolankhula. M'filimuyo kang'omako kamachula dzina la mfumu T'Challa. Mdani wa mfumuyo anapatsidwa citoliro ca anthu a mtundu wa Fula cosakanizidwa ndi kugunda kwa nyimbo za makono za ku America, popeza iye anakulira kumeneko.

Bambo Göransson anapitanso ku International Library of African Music ku Makhanda, mzinda wa ku South Africa umene kale unali kuchedwa Grahamstown. Nkhokwe ya nyimbo imeneyi inakhazikitsidwa mu 1954 ndi Bambo Hugh Tracey, amene anayenda ndi makina ojambulira mau m'maiko ambiri, kuphatikizapo Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Nyimbo zojambulidwa m'midzi pa nthawi ya atsamunda zinadikira pa alumali zaka zoposa 60, ndipo wopeka nyimbo za filimu ya ku Hollywood anakhala pansi kuzimvetsera ngati mwana wa sukulu. Pamene filimu yaciwiri, Wakanda Forever, inali kulengezedwa mu 2022, kafilimu kolengezako kanayenda ndi nyimbo ya mwana wa dziko lino, Sampa the Great, wobadwira ku Ndola. Nyimboyo ndi Never Forget, imene anaimba ndi Chef 187, Tio Nason ndi Mwanjé polemekeza oimba a Zamrock, ndipo imapezeka pa cimbale cace ca As Above, So Below. Sampa yemweyo ndiye anaimba nyimbo yotsegulira Supa Team 4, katuni ya mu 2023 yopekedwa ndi Malenga Mulendema, yosimba za atsikana anai a mu Lusaka wa m'tsogolo.

Ena adzafunsa za The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, tsidya lina la malire ku Malawi, amene anapanga makina a mphepo pambuyo pa njala ya mu 2001 ndi 2002. Filimuyo iyenera kuonedwa ndi banja lonse, makamaka popeza mbali yaikulu amalankhula Cicewa ndipo gule wamkulu amaonekeramo. Nyimbo zace, zopekedwa ndi Bambo Antonio Pinto a ku Brazil, zimagwira nchito yao bwino pansi pa cithunzi, koma pa zokha zimazirala msanga. Ndalama ipite ku filimuyo.

Tsopano za masewera a pa kompyuta, amene makolo amawakayikira koposa zonse. Pakati pa nyimbo zonse zochulidwa pa tsamba lino, imene ingalandiridwe msanga ndi amai a kwaya ya pa mudzi inacokera kumeneku. Civilization IV ndi sewero la mu 2005 m'mene wosewera amatsogolera mtundu wa anthu kuyambira m'nthawi ya zida za miyala kufikira m'nthawi ya zombo zopita kumwezi. Mmodzi wa olipanga, Bambo Soren Johnson, anapempha mnzao wa ku yunivesite ya Stanford, Bambo Christopher Tin, kuti apeke nyimbo yotsegulira. Bambo Tin anatenga Pemphero la Ambuye m'Ciswahili naliika m'nyimbo ya kwaya, ng'oma ndi zoimbira za zingwe, naicha Baba Yetu. Motero acinyamata mamiliyoni a ku Ulaya, America ndi Asia, ambiri a iwo osapondako ku chalichi, anali kumva pemphero m'cilankhulo ca kum'mawa kwa Afirika nthawi iriyonse poyamba kusewera.

Mu 2009 nyimboyi inajambulidwanso ndi Soweto Gospel Choir pamodzi ndi Royal Philharmonic Orchestra ya ku London, pa cimbale ca Calling All Dawns, cimene ciri ndi nyimbo 12 m'zilankhulo 12. Mu 2011 inalandira mphoto ya Grammy, ndipo inali nyimbo yoyamba yopekedwera sewero la pa kompyuta kulandira ulemu wotere. Wolankhula Cinyanja adzatola mau angapo popanda womasulira, pakuti Ciswahili ndi Cinyanja n'zapacibale, ndipo amene anayendapo pa sitima ya TAZARA kapena kucita malonda ku Nakonde adzamva zoculuka. Imayamba ndi liu la mwamuna mmodzi, ena navomera motsitsa, ndipo imakula pang'ono-pang'ono ngati mtsinje wa Luangwa m'mwezi wa February. Makwaya a m'maiko ambiri amaiimba tsopano. Wotsogolera kwaya amene ali ndi mabesi olimba angaiyese, malinga apirire pa kaphunzitsidwe, cifukwa mau amasinthasintha makwerero kangapo.

Nyimbo za Super Mario Bros., sewero la kampani ya Nintendo la mu 1985, ziri ndi ulemu wa mtundu wina. Makina a nthawi imeneyo anali kutha kuliza mau atatu okha a nyimbo pa nthawi imodzi, kuonjezapo kaphokoso koimira ng'oma. Bambo Koji Kondo anafunika kupeka kanyimbo kakafupi kamene mwana angakamve kobwerezabwereza kwa maola ambiri osanyansidwa nako. Woimba kalimba wa kwa Ansenga ku Petauke adziwa bwino vuto limeneli, pakuti nayenso ali ndi timano towerengeka ndi kanyimbo kozungulira, ndipo luso lonse liri pa kakonzedwe. Mu 2023 nyumba ya mabuku ya boma la America, Library of Congress, inaika kanyimboka pa mndandanda wa zojambulidwa zoyenera kusungidwira mibadwo. Ulemuwo n'woyenera. Ngakhale n'tero, kakalira madzulo onse pa kawailesi, agogo adzacotsa kakhadi n'kukabisa ku denga. Ndi bwino kasiyidwe m'sewero momwemo.

Cosiyana naco ndi Minecraft: Volume Alpha ca mu 2011, copekedwa ndi Daniel Rosenfeld wa ku Germany, wodziwika ndi dzina lakuti C418. Ndi piyano yoyenda mwakacetecete, yokhala ndi mipata yaitali ya bata, yopanda mau oimba. Mwana wokonzekera mayeso amene awerenga usiku pa nyali ya sola angaiike motsitsa osasokonezeka maganizo, ndiponso osadzutsa a m'cipinda cina. Nayonso inalowa pa mndandanda wa Library of Congress mu 2025.

Za anime, dzina limodzi ndilo liyenera kusungidwa pamtima: Bambo Joe Hisaishi, obadwa mu 1950, amene apekera nyimbo mafilimu aatali onse a Bambo Hayao Miyazaki kuyambira 1984. Mwa onsewo, My Neighbor Totoro ya mu 1988 ndiyo imene banja la mlimi lidzaimva ngati yace. Nkhani icitikira m'mudzi wa ku Japan wa m'zaka za m'ma 1950, pakati pa minda ya mpunga, misewu ya fumbi ndi zitsime zopopa ndi manja. Atsikana awiri, Satsuki ndi mng'ono wace Mei wa zaka 4, asamukira kumeneko ndi atate ao kuti akhale kufupi ndi cipatala kumene amai ao agonekedwa kwa nthawi yaitali. M'mtengo waukulu wa pafupi ndi nyumba mukhala cilombo cofatsa caubweya cochedwa Totoro, cimene cimaoneka kwa ana okha.

Tsiku lina uthenga ufika wakuti amai sabwera kunyumba monga momwe anapanganira, cifukwa matenda akula. Mei, amene anamva kwa agogo ena a pa mudzipo kuti zakudya za m'dimba zimapatsa mphamvu, akumbatira cimanga cimodzi caciwisi cimene anathyola yekha nauyamba ulendo wa ku cipatala osauza munthu. Asocera. Mudzi wonse usiya nchito, amuna alowa m'dziwe ndi nsungwi zazitali cifukwa kansapato ka mwana kapezeka m'madzi, ndipo mkulu wace athamanga m'misewu dzuwa liri kulowa. Aliyense amene anadikirapo wodwala wogonekedwa ku cipatala ca kutali, kapena kufunafuna mwana wosowa madzulo, safunika womasulira pamenepa. Mwanayo apezeka wamoyo, ndipo cimangaco cifika pa zenera la amai.

Nyimbo za Bambo Hisaishi sizikakamiza munthu kulira. Pali ya ana yoyendera, yogunda ngati ya pa perete wa sukulu, imene ana ang'ono amaigwira tsiku lomwelo ngakhale mau ace ali m'Cijapani. Palinso ina ya usiku, pamene atsikanawo ndi Totoro avina mozungulira kamunda kamene anafesapo mbeu za mitengo, kuzikokera kumwamba ndi manja kuti zimere. Nyimboyo imayamba ndi timau tocepa tobwerezabwereza, kenaka imatambasuka monga nthambi. Mlimi amene anayendapo m'munda m'mamawa, patapita masiku asanu mvula yoyamba itagwa, kukaona ngati cimanga caboola nthaka, adziwa kale cimene nyimboyo inena. Amene sangathe kugula cimbale ca filimu iriyonse payokha afunefune A Symphonic Celebration ca mu 2023, m'mene Bambo Hisaishi anatsogolera Royal Philharmonic Orchestra kuimba nyimbo zosankhidwa za m'mafilimu a Bambo Miyazaki, kuphatikizapo Totoro ndi Spirited Away, filimu ya mu 2001 imene inalandira Oscar mu 2003.

Kwa anyamata okulirapo kuli Cowboy Bebop ya mu 1998, m'mene Mai Yoko Kanno ndi gulu la Seatbelts anaimba jazi ya malipenga yothamanga kwambiri. Katuniyo muli mfuti ndi fodya, si ya ana ang'ono ai, koma nyimbo zace zingakondweretse ngakhale bambo amene anavinapo m'maholo a ku Kitwe. Akira ya mu 1988 ndi yacilendo koposa. Inaimbidwa ndi Geinoh Yamashirogumi, gulu la anthu mazana a nchito zosiyana-siyana, aphunzitsi, madokotala ndi ana a sukulu, ndipo anagwiritsa nchito jegog, zoimbira zazikulu za nsungwi za pa cisumbu ca Bali ku Indonesia, zomenyedwa ndi timitengo ngati silimba ya ku Cigawo ca Kumadzulo. Woomba ng'oma adzatchera khutu kuti awerenge kagundidwe kace. Ena m'nyumba adzati n'zoopsa, ndipo sadzanama.

Catsala ndi kagulidwe, ndipo apa ndi pamene pali vuto lenileni. Masiku ano nyimbo zambiri zimamvedwa mobwereka pa intaneti: munthu amalipira mwezi ndi mwezi, ndipo akaleka kulipira, kapena kampani ikacotsa nyimboyo, palibe cimene cimatsala m'manja. Kumudzi kumene netiweki imapezeka pa culu cimodzi cokha, kubwereka kotere n'kutaya ndalama kawiri. Njira inanso ndi ya tizisakasa ta pa msika kumene anyamata amadzaza kakhadi ndi nyimbo mazana pa makwacha ocepa. N'zochipa ndithu, koma nyimbo zina zimakhala zodukira pakati, zina za maina olakwika, ndipo wopeka salandirapo ngakhale ngwee imodzi. Zimene zinacitikira Bambo Linda zimacitikira oimba a ku Chipata, Katete ndi Lundazi pa msika uliwonse. Mu 1994 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza eni nyimbo ndi mabuku, ndipo kulinso bungwe la ZAMCOPS lotolera ndalama za oimba, koma lamulo silingaime pa kasakasa kalikonse.

Kugula moyenera kucokera kumudzi sikophweka, pakuti masitolo a pa intaneti amafuna khadi ya ku banki, ndipo ma CD a nyimbo zoterezi sapezeka wamba m'maboma. Njira yotheka kwa ambiri ndi kutuma mwana kapena mbale wa ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku Britain kuti agule nyimbozo zikhale zace-zace, nadzaziike pa kakhadi pobwera ku chuthi. Oimba ena, monga C418, amagulitsa okha pa Bandcamp, kumene gawo lalikulu la ndalama limapita kwa mwini nyimbo. Zimbale ziwiri kapena zitatu pa caka n'zokwanira. Mbale za magulu a Zamrock monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, zimene zinatuluka m'zaka za m'ma 1970, zinasowa kwa nthawi yaitali, ndipo pamene maiko akunja anayamba kuzifunanso, kufikira filimu ya gulu la WITCH itatuluka mu 2019, zoyambirira zija zinali kugulidwa ndi ndalama zambiri kwa amene anazisunga bwino.

Kasungidwe kace nkosavuta. CD ibwezedwe m'cikuto cace ikatha kulira, isaikidwe pa zenera pofika dzuwa kapena pafupi ndi mbaula, ndipo ipukutidwe ndi kansalu kofewa kucokera pakati kupita m'mphepete. Nyimbo zogulidwa pa intaneti zikhale pa timakhadi tiwiri, kena m'wailesi, kena m'kacitini kotseka bwino kumene cinyezi ndi nyerere sizifika, cifukwa kakhadi kamafa mwadzidzidzi kopanda cenjezo. Ndipo popeza mawailesi ang'ono-ang'ono ambiri amaonetsa nambala cabe m'malo mwa dzina la nyimbo, mwana wa sukulu alembe m'kope nambala iriyonse pamodzi ndi dzina la nyimbo ndi la woipeka, kopelo lisungidwe pamodzi ndi makhadi a ku cipatala ndi ziphaso za feteleza.